Tchuthi chosathamanga: Zomba, Chilwa ndi Liwonde, kuona mbalame ndi kudya zakomweko

Ambiri a ife tchuthi chimatha titatopa kuposa mmene tinanyamukira. Timafuna kuponda malo asanu m'masiku atatu, nthawi yambiri n'kuthera m'galimoto, chakudya n'kukhala chogula mothamanga pawindo la minibasi. Malangizo awa ndi a ulendo wamtundu wina, woti malo akhale ochepa koma masiku akhale okwanira. Ndasankha Zomba, nyanja ya Chilwa ndi Liwonde chifukwa malo atatuwa ndi oyandikana, koma aliwonse ali ndi nkhope yakeyake: pena phiri, pena dambo, pena mtsinje. Dziko la Malawi lili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo yochuluka ndithu mutha kuiona m'kachigawo kameneka osayenda mtunda wotopetsa. Mukapeza sabata yathunthu ndi bwino. Ngati masiku ali anayi okha, siyani malo amodzi, musawapanikize onse.

Yambani ndi kusankha nyengo

Palibe mwezi wopanda mbalame, koma mwezi uliwonse uli ndi zake. Kuyambira Novembala mpaka Epulo kumabwera mbalame zochokera ku Ulaya ndi ku Asia zothawa chisanu cha kwawo, kuphatikizapo anamzeze ambiri amene mumawaona atandandalika pa mawaya a magetsi. Nthawi yomweyo mbalame zathu zimakhala zikuswana, zamphongo zitavala nthenga zowala ndipo zikuimba kwambiri. Ndiyonso nyengo ya mango, masuku ndi bowa. Koma walira mvula walira matope: msewu wa ku Chilwa umavuta, misewu ina ya m'nkhalango ya Liwonde imatsekedwa, udzudzu umachuluka.

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti misewu imayendeka, kunja kumakhala kozizira bwino, koma pamwamba pa phiri la Zomba kumazizira zenizeni ndipo chiperoni chikabwera nkhungu imatha kukuta phiri masiku angapo. Seputembala ndi Okutobala ku Liwonde kumatentha koopsa, komano nyama ndi mbalame zimasonkhana m'mbali mwa Shire chifukwa madzi kwina aphwa. Kwa amene akuyamba kumene, ine ndimalangiza kumapeto kwa Epulo kapena Meyi. Tchire limakhala likadali lobiriwira, mpunga watsopano wayamba kupezeka, ndipo simulimbana ndi matope kapena dzuwa loswa mtengo.

Zonyamula

Chida chachikulu ndi magalasi oonera patali. Pa magalasi amenewa pamalembedwa manambala awiri, ndipo oyenera mbalame ndi a 8x42: nambala yoyamba ikunena kuti chinthu chimaoneka chachikulu kasanu n'katatu, yachiwiri ikunena kukula kwa galasi lakutsogolo, limene limalowetsa kuwala. Musakopeke ndi a manambala aakulu, chifukwa amanjenjemera m'manja ndipo mbalame imakusowani. Ngati mulibe, bwerekani, kapena funsani kumalo ogona ngati wokuperekezani ali nawo. Anthu awiri atha kusinthana amodzi.

Tengani kabuku ndi pensulo. Pa foni mutha kuikapo apu ya Merlin Bird ID, imene ndi yaulere, koma tsitsani zithunzi za mbalame za kuno musananyamuke chifukwa netiweki kuphiri ndi kudambo njosadalirika. Zovala zikhale zosawala, zamtundu wa dothi kapena wa masamba. Ku Liwonde pewani zakuda ndi zabuluu, pakuti kashembe amakopeka nazo. Onjezerani juzi yokhuthala ya kuphiri, chipewa, nsapato zotseka, tochi, mankhwala othamangitsa udzudzu, ndi neti ngati simukudziwa bwino kumene mukagone. Chiphaso cha unzika musachisiye, chifukwa pa geti la nkhalango Amalawi amalipira ndalama zochepa kusiyana ndi alendo akunja. Ndalama zina zikhale m'thumba zosinthasintha. Mpamba ndi Airtel Money zimathandiza m'tauni, koma mayi wogulitsa matemba kugombe amafuna za m'manja. Ngati muli pa galimoto yanu, thirani mafuta paliponse mwawapeza, osadikira kuti atsike.

Zomba: gonani masiku awiri kapena atatu

Kuchokera ku Blantyre kufika ku Zomba pa msewu wa M3 ndi ola limodzi ndi mphindi zingapo. Tsiku lofika musakwere phiri. Yendani pansi m'tauni yakaleyi, imene inali likulu la dziko mpaka 1975, lowani mumsika, gulani zipatso za mawa, ndipo madzulo pitani ku Botanical Gardens m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Kumeneko ndi koyenera kuphunzirira magalasi anu pa mbalame zosathawa anthu monga apumbwa, nthengu ndi achoso amene amayamwa maluwa. Kagwiritsidwe kake ndi aka: yang'anani mbalameyo ndi maso kaye, musachotse maso pamenepo, kenako kwezani magalasi kufika kumaso. Mukaweramira pansi kufuna magalasi, pokweza mutu mupeza nthambi yokha.

M'mawa mwake nyamukani kusanache. Mbalame zimayenda ndi kuimba kwambiri m'maola awiri kapena atatu oyambirira dzuwa likatuluka, kenako zimakhala duu mpaka chakumadzulo. Amene wafika pamwamba 10 koloko waphonya zambiri. Tengani wokuperekezani wa komweko. Amadziwa tinjira, amadziwa mtengo umene ukubala zipatso sabata imeneyo, ndiponso kuyenda nokha m'nkhalango si nzeru. Gwirizanani mtengo musananyamuke, ndipo muuzeni momveka kuti inu mwabwerera mbalame. Mukapanda kutero akuthamangitsani kuchoka ku Williams Falls kupita ku Emperor's View, Queen's View mpaka ku Chingwe's Hole tsiku limodzi, monga amachitira ndi alendo ambiri. Malo amenewo ndi okongola, ndipo pa Emperor's View kukakhala kopanda nkhungu mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje patali, koma asungireni tsiku lachiwiri.

Mbali yaikulu ya pamwamba pa phirili ndi mitengo ya paini yochita kubzala, ina yodulidwa kale, ndipo m'paini mbalame zimakhala zochepa. Funani timagawo ta nkhalango yachilengedwe totsalira m'mbali mwa mitsinje, kumtunda kwa damu la Mulunguzi ndi m'zigwa. M'menemo ndi mmene mukhala nkulukulu, mbalame yobiriwira ya tsumba lalitali imene ikatambasula mapiko mumaona kufiira ngati moto. Kawirikawiri mumayamba kuimva ikulira mokhosomola musanaione. M'menemonso muli kambalame kakang'ono kachikasu kamene m'mabuku amakatcha yellow-throated apalis, kamene padziko lonse kamapezeka m'Malawi mokha, m'mapiri a Zomba, Malosa ndi Mulanje. Alendo amakwera ndege kuchokera kutali kudzafuna kameneka, pamene ife timakadutsa osakadziwa. Zimandiwawa kuona mmene nkhalango yake ikucheperachepera chaka ndi chaka chifukwa cha nkhwangwa ndi moto wolusa.

Kaonedwe ka mbalame

Apa ndi pamene ulendo wonse wagona, choncho ndikhalitsapo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukafika pamalo abwino, monga pa mtengo wa mkuyu umene ukubala, kapena pamene mtsinje watuluka m'nkhalango, khalani pansi, dzuwa likhale kumbuyo kwanu, ndipo musalankhule. Mphindi khumi zoyambirira muona ngati palibe kanthu, chifukwa kufika kwanu kwabalalitsa zonse. Pirirani. Pang'onopang'ono tchire limakuiwalani, mbalame n'kuyamba kubwerera, zina mpaka pafupi ndithu. Theka la ola pamalo amodzi limakuonetsani zambiri kuposa kuyenda makilomita atatu.

Mbalame ikaonekera, musathamangire buku kapena foni. Iyang'anitsitseni nthawi yonse imene yakupatsani. Yambani ndi kukula kwake poyerekeza ndi mbalame zimene mukuzidziwa kale: kodi ikufanana ndi phwiti, pumbwa, njiwa kapena khwangwala? Kenako mlomo: wautali wopindika ndi wa zoyamwa maluwa, waufupi wonenepa ndi wa zodya njere, wakuthwa wokhota ndi wa zogwira zinzake. Onani mchira, miyendo, ndi pamene pali mtundu wowala, kaya pakhosi, pamutu kapena pamapiko. Onaninso zimene ikuchita. Kodi ikukwera thunthu ngati gogomole, ikudumphadumpha pansi, kapena ikuuluka kukagwira kachilombo n'kubwerera panthambi yomweyo? Ikapita, lembani zimenezi m'kabuku ndi malo ndi nthawi yake. Dzina mudzalifuna masana muli pamthunzi.

Khutu limagwira ntchito kuposa diso, makamaka m'nkhalango yowirira. Tsiku lililonse sankhani kulira kumodzi kapena kuwiri, kulondoleni mpaka muone mwini wake, ndipo simudzakuiwalanso. Nthawi zina nkhalango imakhala zii kenako mwadzidzidzi pamabwera gulu la mbalame zamitundumitundu zikuyendera limodzi kufuna chakudya. Zikatero imani pomwepo, zidutsa pamaso panu m'mphindi zochepa.

Funsaninso akuluakulu a m'deralo maina ndi nkhani za mbalamezo. Wokuperekezani akhoza kukupatsani dzina la m'buku, koma agogo amene akuwotha dzuwa pakhonde akuuzani za nsadzu imene imatsogolera anthu ku njuchi, kapena chifukwa chimene ana ankaletsedwera kugenda nantchengwa. Lembani maina onse, a Chichewa, a Chiyao ndi a Chilomwe, chifukwa ambiri mwa iwo sanalembedwe pena paliponse pamene mwana wa lero angawapeze mosavuta.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikupemphani musachite. Musaseweretse kulira kwa mbalame pa foni mobwerezabwereza kuti itulukire. Imaganiza kuti mdani walowa m'dera lake, ndipo imasiya chisa ndi kudya n'kumafunafuna mdani woti kulibe. Ndipo chisa chimene muli mazira kapena anapiye musachiyandikire, ngakhale chithunzi chikanakoma bwanji.

Potsika phiri mupeza ana ndi amayi akugulitsa zipatso m'mbali mwa msewu: masitiroberi, mabulosi, jamu ndi magalagadeya, malinga ndi nyengo. Gulani, tsukani ndi madzi abwino, idyani pomwepo. Masana ndi nthawi ya kudya ndi kugona tulo, osati kuyendayenda.

Tsiku la ku Chilwa

Kuchokera ku Zomba kupita ku doko la Kachulu ndi makilomita pafupifupi 30. Musananyamuke funsani za msewu ndiponso za madzi. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo imakula kapena kuchepa malinga ndi mvula. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu inasanduka dothi long'aluka. Chaka cha mvula yabwino, dambo lake la milulu ndi bango limadzaza mbalame za m'madzi, n'chifukwa chake ili pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar.

Pa Kachulu gwirizanani ndi mwini bwato, ndipo muuzeni kuti ayende m'mphepete mwa bango mwapang'onopang'ono, osati kulunjika pakati. Ngati bwatolo ndi la injini, aizimitse mukafika pamene pali mbalame. Muona akakowa amitundu ingapo, amphipi atatambasula mapiko kuti aume, atsekwe, mavuwo akusodza pagulu, ndi kambalame ka zala zazitali kamene kamayenda pamwamba pa masamba a m'madzi osamira. Kameneka kali ndi khalidwe lodabwitsa: yamphongo ndiyo imafungatira mazira ndi kulera ana. Mukakhala ndi nthawi wolokerani ku chilumba cha Chisi, koma bwererani kusanade chifukwa mphepo ikayamba nyanja yosayayi imavunduka msanga. Musasambe kapena kuponda m'madzi osayenda, likodzo lilipo.

Chakudya cha kuno ndi matemba, makumba ndi mlamba. Matemba a ku Chilwa okazinga ndi tomato ndi anyezi, kapena otendera, pambali pali nsima yotentha ndi nkhwani, ndi chakudya chimene chimakhala m'kamwa masiku. Mpunga wa m'madambo a Likangala ndi Domasi gulani wopita nawo kunyumba. Mutha kupezanso mbalame zootcha zikugulitsidwa. Anthu a kuno akhala akusaka mbalame za m'madzi kuyambira kale, makamaka nsomba zikasowa, ndipo sindikuwaweruza. Koma inu amene mwabwera kudzaona mbalame zamoyo, ndalama yanu ipite kwa mwini bwato ndi kwa mayi wa matemba. Anthu akaona kuti mbalame youluka imabweretsa ndalama, amayamba kuiona mwina.

Mmene mungadyere bwino pa ulendo wotere

Malo ogona alendo ambiri amaphika zimene akuganiza kuti mlendo amafuna, nkhuku ndi tchipisi tsiku lililonse. Lankhulani ndi wophika m'mawa, osati nthawi ya njala. Nenani kuti, "Achimwene, madzulo ano mungandikonzere nsima ndi nkhuku ya lokolo, ndi bonongwe kapena chisoso?" Ambiri amasangalala, ndipo mukawapatsa nthawi amakagula zatsopano kumsika. Nkhuku ya lokolo imafuna moto wa maola angapo, ndiye mukaitanitsa mochedwa muipeza yolimba.

Mukamadya kumsika kapena m'kanyumba kodyera, lowani mmene mwadzaza anthu a komweko, ndipo sankhani chakudya chotentha chimene chikuchoka pamoto inu mukuona. Sambani m'manja ndi sopo, imwani madzi a m'botolo kapena owiritsa, makamaka nyengo ya mvula pamene kolera imavuta. Nsomba yaiwisi muziiona maso ndi makha: maso akhale owala, makha ofiira. Bowa gulani kwa amayi odziwa, osazula nokha m'tchire. Kadzutsa wa munthu wodzuka m'mamawa ndi wosavuta: tiyi m'fulasiki, mbatata kapena chinangwa chophika usiku, zitumbuwa kapena chigumu. Thobwa lozizira masana limabweza mphamvu kuposa chakumwa chilichonse cha m'botolo.

Ku Machinga ndi ku Mangochi anthu ambiri ndi Asilamu. Lemekezani zimenezo pa kavalidwe, musafunse nyama ya nkhumba, ndipo m'mwezi wa Ramadan musadabwe kupeza malo ena odyera atatseka masana. Moni musaumire, ndipo musajambule munthu musanapemphe.

Liwonde: malizirani pa mtsinje

Kuchokera ku Zomba kufika ku Liwonde ndi pafupifupi ola limodzi pa M3 yomweyo. Nkhalango ya Liwonde inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma. Muli mitundu ya mbalame yoposa 400. Malo ogona alipo a mitengo yosiyanasiyana, kuyambira pomanga tenti yanu mpaka apamwamba, ena kunja pafupi ndi geti, ena m'kati. Imbani foni kusungitsa malo ndi kufunsa mitengo ya tsiku limenelo musananyamuke.

Ngati ndalama zikungokwanira chinthu chimodzi, sankhani bwato la pa Shire, la m'mamawa kapena la chakumadzulo. Pamadzi mbalame sizithawa msanga, ndipo inu mumangokhala phee mtsinje n'kumakubweretserani zonse. Nkhwazi, imene ili pa chizindikiro cha dziko lathu, muiona pafupi itatera pamtengo wouma; yaikazi ndi yaikulu kuposa yamphongo, ndipo ziwirizo zimalira moyankhana zitagadamitsa mitu. Muona chisa chachikulu cha nantchengwa pamphanda ya mtengo, ndi adokowe a mlomo wosatsekeka bwino pakati amene amadya nkhono. M'chilimwe pamchenga pamakhala mbalame yakuda ndi yoyera ya mlomo wofiira, wam'munsi wautali kuposa wam'mwamba, imene imauluka ikung'amba madzi ndi mlomowo kufuna tinsomba. Imaikira mazira pamchenga pomwepo, choncho musalole woyendetsa bwato kuyandikira kwambiri, mafunde a bwato amatha kukokolola mazira.

Uzani wokuperekezani kuti mukufuna kadzidzi wamkulu wofiirira wodya nsomba, amene m'mabuku ndi Pel's fishing owl. Masana amabisala m'mitengo yowirira ya m'mbali mwa mtsinje, ndipo popanda munthu wodziwa pamene amagona simungamuone. Ena amabwera kangapo osamupeza, ndiye mukamuphonya musadandaule. M'nkhalango ya mitengo ya tsanya funani tizinkhwe tating'ono tobiriwira ta nkhope yofiirira, totchedwa Lilian's lovebird, timene timauluka m'magulu tikulira mokweza ndipo timagona m'mphako za tsanya. M'Malawi muno kwawo kwenikweni ndi ku Liwonde.

Kumbukirani kuti muno muli njovu, mvuu, ng'ona ndi njati, ndipo mikango inabwezeretsedwamo mu 2018. Musatsike m'galimoto pamalo osaloledwa, musayende pansi popanda mlonda wa nkhalango, musalowetse dzanja m'madzi muli m'bwato, ndipo usiku musachoke pamalo ogona opanda wokuperekezani, chifukwa mvuu zimatuluka kukadya msipu. Anyani ndi apusi musawapatse chakudya. Akazolowera amayamba kulanda, mapeto ake amaphedwa.

Tsiku limodzi mwa masiku a ku Liwonde lisiyeni lopanda pulogalamu. Khalani pakhonde kuyang'ana mtsinje, magalasi pambali, malambe m'manja. Madzulo idyani chambo chowotcha kapena mlamba wa mu Shire, mukumvetsera kulira kwa lumbe ndi akadzidzi. Ngati masiku atsalapo, msewu womwewo ukupitirira ku Mangochi, ndipo kuchokera kumeneko mutha kufika ku Cape Maclear, koma umenewo ndi bwino kuusiya ukhale ulendo wina pawokha.

Musanachoke, khalani ndi wokuperekezani muwerenge limodzi zimene mwalemba m'kabuku, akukonzereni maina amene mwasokoneza, ndipo mupatseni kangachepe kupatula mtengo umene munagwirizana. Mndandanda wanu mutha kuulowetsa pa tsamba la pa intaneti la eBird, kumene umathandiza ofufuza kudziwa mbalame zimene zikupezeka kuti ndi liti. Ngati chidwi chakugwirani, funsani za nthambi ya bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi imene ili pafupi ndi kwanu. Ndipo mukafika kunyumba n'kuyamba kumva kutentha thupi kapena kuphwanya m'masabata otsatira, pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukayezetse malungo, n'kuwauza adokotala kuti munali kudambo ndi kumtsinje.